Kusankha gombe lotsitsira boti laling'ono: malangizo kwa otsika kunyanja kuchokera ku Mzuzu

Ambiri a ife okhala mu Mzuzu tikapeza kaboti, kaya kogula kaya kobwereka kwa mnzathu, timalakwitsa pamodzimodzi. Timanyamuka m'bandakucha chifunga chili tolo, n'kutsika msewu wa M5, ndipo ikamati 7 koloko tafika ku Nkhata Bay, nyanja ili bata ngati madzi a m'beseni. Pomwe galimoto yatha kufika pafupi ndi madzi, pomwepo ndiye timatsitsira. Mavuto amadza masana pobwerera. Mphepo yadzuka, gombe lija likuswa mafunde, boti ladzaza anthu otopa, ndipo polowera sipakuoneka.

Ine zinandionekera pa gombe lina kumwera kwa Nkhata Bay. Funde linatinyamula n'kutikhazika pa mwala umene m'mawa sindinauone, matabwa awiri a pansi pa boti anasweka, mwana wa mlongo wanga ali momwemo. Tonse tinatuluka amoyo chifukwa asodzi anathamanga. Kuyambira tsiku limenelo ndikafika pa gombe ndimayamba ndadzifunsa kuti: kodi pano ndidzatha kubwererapo 3 koloko masana mphepo itakula? Malangizo onse ali m'munsimu akuyankha funso limenelo.

Zoyenera kukhala nazo musanayambe

- Nsungwi yolimba yotalika mamita awiri, yodindidwa chizindikiro pa theka la mita lililonse.
- Nsapato zomanga zoti mungalowe nazo m'madzi. Mapatapata amavuka m'matope.
- Jekete yoyandamitsa ya munthu aliyense, ndipo ana akhale ndi za msinkhu wawo.
- Nangula wokhala ndi chingwe chosachepera mamita 30, ndi chingwe china chapadera chokokera boti kumtunda.
- Nkhafi ziwiri, ngakhale boti lili ndi injini.
- Chigubu chodula kukamwa chokapira madzi, chomangiriridwa ku boti.
- Zipika zozungulira zitatu kapena zinayi zogudubuzirapo boti pamchenga.
- Fosholo, matabwa awiri ndi zotsekera matayala ngati mwakoka boti pa ngolo.
- Foni yodzaza moto yokulunga m'pulasitiki, tochi ndi wenzulo.
- Ndalama pang'ono zothokozera okuthandizani kukankha ndi wokuyang'anirirani galimoto.

1. Dziwani mphepo ya nyengo imeneyo musanalize galimoto

Magombe onse amene timafikako kuchokera ku Mzuzu, kuyambira ku Chilumba, Chitimba, Usisya, Nkhata Bay, Chintheche mpaka ku Kande, ali kumadzulo kwa nyanja ndipo ambiri amayang'ana kum'mawa. Choncho mphepo iliyonse yochokera kum'mawa kapena kumwera chakum'mawa imafika itayenda pamwamba pa madzi mtunda wautali, itasonkhanitsa mafunde.

Mwera ndiye wamkulu. Umaomba kuchokera kumwera m'nyengo yozizira, makamaka kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ndipo popeza nyanja yathu ndi yotalika makilomita oposa 500, ukamafika kuno kumpoto umakhala utakhwima. Umatha kuomba masiku angapo osapuma. Sitima ya Vipya inamira ndi nyengo yoipa mu Julaye 1946 kufupi ndi Chitimba, n'kupha anthu oposa 140, ndipo inali sitima yachitsulo. Mpoto umachokera kumpoto ndipo umakonda nyengo ya mvula, nthawi zina umabwera mwadzidzidzi ndi mabingu. Vuma amachokera kum'mawa ndipo amalunjika pa magombe athu maso ndi maso.

Mverani chenjezo la a zanyengo pa wailesi usiku woti mawa mukunyamuka, ndipo mumverenso m'mawa. Nthambi ya boma yoona zanyengo imachenjeza za mwera ukakhala pafupi, ndipo uthengawo umafalitsidwanso pa Facebook ndi pa WhatsApp.

Chenjezo: musayeze nyanja ndi nyengo ya mu Mzuzu. Ife tili pamwamba pa mapiri, nyanja ili pansi. Ku Katoto kutha kukhala bata masamba osagwedera pomwe ku Chintheche mafunde akugwetsa munthu.

2. Fufuzani gombe lokhala ndi chotchinga kumbali yomwe mphepo ikuchokera

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Mukaima pa gombe, yang'anani kudzanja lamanja, kumwera, kenako kumanzere, kumpoto. Kodi pali phiri kapena matanthwe olowa m'nyanja amene angaphwanye mafunde asanafike pomwe mwaimapo? M'nyengo ya mwera mukufuna chotchinga chikhale kumwera kwanu. M'nyengo ya mpoto chikhale kumpoto. Gombe limodzi lomwelo litha kukhala labwino mu Januwale koma loopsa mu Julaye.

N'chifukwa chake Nkhata Bay anakhala doko. Mtunda unalowa m'nyanja n'kugawa madzi pawiri, ndipo mapiri anazungulira, motero nthawi zambiri mbali imodzi imakhala yabata kuposa inzake. Kuyambira pamenepo kupita kumpoto cha ku Usisya ndi Ruarwe kuli timagombe ting'onoting'ono tobisika pakati pa matanthwe. Tina n'tabwino zedi, koma polowera pake m'popapatiza, ndipo ukaphonya ndiye wagunda thanthwe.

Kumwera, cha ku Chintheche, pafupifupi makilomita 40 kuchokera ku Nkhata Bay, ndi ku Kande, magombe ndi a mchenga woyera, aatali, osangalatsa m'maso. Anthu ambiri ochokera m'tauni amathamangira kumeneko poganiza kuti mchenga supweteka. Koma gombe lalitali lowongoka lilibe chotchinga chilichonse. Mafunde amabwera molunjika n'kuswekera pamchenga pomwepo, ndipo boti likangotembenuka n'kupereka nthiti ku funde, limadzaza madzi kapena kugubuduzika. Kumeneko tsitsani pa tsiku labata lenileni, ndipo bwererani dzuwa lisanafike paliwombo.

Chenjezo: madzi osalala pagombe sakutanthauza kuti kuli bwino. Mphepo ikamachokera kumtunda, kutsika m'mapiri kulowera kunyanja, pagombe pamakhala zii chifukwa phiri lakutchingani. Mukangotalikira pang'ono imakugwirani kumsana n'kumakukankhirani pakati pa nyanja, ndipo injini ikazima simungabwerere ndi nkhafi. Tayani kamchenga kouma m'mwamba muone komwe kakupita. Kakamapita kunyanja, yendani motsatira gombe, musalowe pakati.

3. Funsani eni gombe, ndipo funsani bwino

Palibe gombe lopanda mwini. Pali amfumu, ndipo pa madoko ambiri a asodzi pali komiti ya BVC yoyang'anira za usodzi pamalopo. Musangofika n'kuyamba kumasula zingwe. Imikani galimoto patali pang'ono, pitani pomwe akulu akhala akusoka maukonde, perekani moni. Ku Nkhata Bay anthu amalankhula Chitonga, ndipo mukati "ada" kwa bambo kapena "ama" kwa mayi nkhope zimamasuka, ngakhale zotsalazo munene m'Chichewa.

Mafunso ake akhale olunjika. Mukafunsa kuti "pano ndi pabwino?" aliyense adzati ee, chifukwa kwa iye amene anabadwira pomwepo n'pabwinodi. Funsani motere:

"Ada, mwera ukadzuka inuyo mumakocheza pati?"
"Mwala wobisika uli mbali iti?"
"Ng'ona munaiona liti komaliza?"
"Lero mukuona kuti mphepo idzuka nthawi yanji?"

Kenako yang'anani zomwe akuchita, chifukwa zimanena zambiri kuposa mawu. Onani pomwe mabwato awo akokeredwa. Ngati onse aunjikana mbali imodzi ya gombe pomwe mbali inayo ili yopanda kanthu, pali chifukwa chake, ndipo malo opanda kanthuwo si mwayi wanu. Ngati awakokera kutali kumtunda, kupyola pomwe amawasiya masiku onse, akuyembekezera mafunde aakulu. Ndipo ngati dzuwa lakwera koma palibe ndi mmodzi yemwe amene walowa m'madzi, inunso musalowe.

4. Khalani pansi muonere madzi kwa mphindi 20

Izi ambiri zimawakanika chifukwa ana akukuwa, anzanu akuti tiyeni. Limbani mtima. Mafunde sabwera ofanana: amabwera ang'onoang'ono angapo, kenako aakulu awiri kapena atatu motsatizana, kenako bata pang'ono. Mukangoyang'ana mphindi imodzi mutha kuona bata lokhalokha.

Onani malo amene funde limatukumuka kapena kuchita thovu pamalo amodzimodzi nthawi zonse, pomwe pena ponse pali posalala. Pansi pamenepo pali mwala kapena mulu wa mchenga. Onani mtundu wa madzi: obiriwira moyera ndi mchenga wosazama, mawanga akuda ndi miyala kapena udzu, obiriwira mwakuda ndi pozama. Ponyani kamtengo muone ngati madzi akukokera chammbali. Kwezaninso maso muone kutali komwe nyanja imakumana ndi thambo. Mzerewo ukamaoneka wokhakhala ngati mano a sowo, kapena mukamaona timizere toyera, ndiye kuti kunjako kwayamba kale, ndipo posachedwa zifika pomwe muli.

5. Lowani m'madzi ndi nsungwi yanu

Valani jekete, valani nsapato, ndipo yendani njira yeniyeni imene boti lidzadutse, mukubaya pansi ndi nsungwi patsogolo panu. Chitani izi pokhapokha eni malo atakutsimikizirani kuti palibe ng'ona.

Gombe labwino limatsika pang'onopang'ono, mchenga wake wolimba, moti mukayenda masitepe khumi kapena khumi ndi asanu madzi amakhala akufika m'ntchafu. Pamenepo boti limayandama, injini mutha kuitsitsa osakhudza pansi, ndipo wogwira boti akadali chiimire bwinobwino.

Magombe awiri muwakane. Loyamba ndi lophompheka, loti sitepe yachitatu madzi ali m'khosi. Awa ndi ochuluka m'dera la matanthwe kumpoto kwa Nkhata Bay, komwe mapiri amatsika molunjika kulowa m'madzi, ndipo chakumpoto komweko ndi komwe nyanja imazama kwambiri, mamita pafupifupi 700. Pamalo otere wogwira boti alibe popondera, ndipo nangula sapeza pansi. Lachiwiri ndi losazama mtunda wautali, loti mumayenda n'kuyenda madzi ali m'mawondo. M'mawa mumangokoka boti mukuseka, koma masana mafunde amaswekera dera lonselo ndipo mumadutsamo injini itakwezedwa, mulibe chowongolera.

Mukamva nsungwi ikulowa yokha, ndi matope, ndipo adzagwira mapazi anu ndi matayala a ngolo. Mukaponda miyala yoterera ya ndere, ganizirani munthu wonyamula injini akudutsa pomwepo.

Chenjezo: gombe lomwe munaliyeza chaka chatha muliyezenso. Madzi a nyanja amakwera mvula ikatha, cha mu Epulo ndi Meyi, n'kutsika mpaka cha mu Novembala ndi Disembala. Mwala womwe unali pansi patali mu Meyi umakhala pafupi ndi pamwamba mu Novembala. Mu 2024 nyanja inakwera kwambiri mpaka kumiza magombe ndi nyumba zina za m'mphepete, ndipo pamalo otere pansi pa madzi pamatsala zitsa, maziko a njerwa ndi mipanda.

6. Talikirani pomwe mtsinje umathira m'nyanja

Pamathiriro a mtsinje pamakopa chifukwa pamaoneka pabata ndipo nthawi zambiri galimoto imafika mosavuta. Pewanipo. Mitsinje monga Luweya kufupi ndi Chintheche, Dwambazi kumalire a Nkhata Bay ndi Nkhotakota, kapena South Rukuru cha ku Mlowe, imabweretsa mchenga umene umaunjikana pakamwa pake n'kumasuntha mvula iliyonse. Madzi a mtsinje akakumana ndi mafunde pamwamba pa mchengawo pamachita chipwirikiti chimene kaboti sikangachipirire. M'dzinja mumabweranso zigogo zoyandama chobisala.

Komanso m'mabango a m'mathiriro ndi momwe mumakhala ng'ona ndi mvuu. Mvuu yokhala ndi mwana imagubuduza boti. Madzi odekha a m'mabango ndi momwenso mumakonda nkhono zofalitsa likodzo. Ngati mwayendamo, kapimitseni kuchipatala pakapita milungu ingapo.

7. Yendani pansi njira ya galimoto

Musanabweze ngolo, tsikani muyende kuchokera pamsewu mpaka pamadzi. Pondani mchenga ndi chidendene. Ukamamira mpaka m'kakolo, galimoto isafike pamenepo: masulani boti pouma polimba ndipo muligudubuze pa zipika. Anthu anayi ndi zipika zitatu amafikitsa boti kumadzi msanga kuposa momwe mungafukulire galimoto yotitimira.

Onaninso ngati pali potembenukira, ndiponso posiya galimoto pomwe mafunde a masana sadzafika. Mzere wa zinyalala, timitengo ndi mabotolo pamchenga ukukuuzani pomwe madzi anafika posachedwa. Imikani kumtunda kwa mzerewo.

Ganizirani ndi msewu wochokera ku Mzuzu womwe. Wa ku Nkhata Bay, pafupifupi makilomita 50, ndi wa phula koma uli ndi zitsikira zokhotakhota zomwe zimatenthetsa mabuleki mukamakoka ngolo. Wa M1 wotsika ku Chiweta ndi wotsetsereka kwambiri. Wa ku Usisya musauyese ndi ngolo, makamaka m'dzinja. Mukafika, dikirani matayala a ngolo azizire musanawalowetse m'madzi, chifukwa mabering'i otentha akamizidwa amayamwa madzi n'kuwonongeka.

8. Onani amene mukugawana nawo madziwo

Mabotolo apulasitiki oyandama mondondozana ndi zizindikiro za matchera otcheredwa pansi. Mukawadutsa pakati, ukonde umakulunga pulopela, injini imazima, ndipo mwayambanso mlandu ndi mwini wake. Funsani njira yomwe maboti a pamalopo amatulukira. Pewani pomwe amayi amachapa ndi kutsuka mbale, ndi pomwe ana amasambira, chifukwa mutu wa mwana m'mafunde suoneka msanga. Ku Nkhata Bay talikirani pomwe sitima ya Ilala ndi maboti opita ku Likoma ndi Chizumulu amakocheza, makamaka tsiku la sitima.

9. Sankhiranitu gombe lachiwiri, ndipo lembani m'mutu zizindikiro

Musalowe m'madzi muli ndi gombe limodzi lokha m'mutu. Funsani asodzi kuti mphepo ikatembenuka malo othawirako apafupi ali kuti, ndipo akhale otchingidwa kumbali ina, osati yofanana ndi ya gombe lanu. Uzani amene watsala ndi galimoto za malo amenewo.

Mukatuluka mamita 200, tembenukani muyang'ane kumtunda. Kuchokera m'madzi magombe onse amafanana. Sankhani zinthu ziwiri zoima mondondozana, china patsogolo china kumbuyo, monga mtengo waukulu ndi denga la tchalitchi. Pobwerera mukaziona zalunjikana, ndiye kuti muli m'njira yomwe munatulukira. Masana dzuwa limakhala kumadzulo, kumbuyo kwa gombe, n'kumakuthobwani m'maso, choncho miyala yomwe m'mawa inkaoneka bwino simudzaionanso.

Yesaninso foni muli pagombe pomwepo. Pansi pa mapiri netiweki imasowa malo ena. Imbirani munthu ku Mzuzu, mumuuze dzina la gombe, chiwerengero cha anthu ndi nthawi yobwerera, komanso nambala ya munthu wa pagombepo. Dziwaniso chipatala chapafupi, kaya ndi cha boma cha Nkhata Bay kapena cha Chintheche, ndi nthawi yomwe mungatenge kukafikako.

10. Yeserani kaye boti lili lopepuka

Musanakweze ana ndi katundu, tulukani anthu awiri okha n'kubwereranso. Potsitsa, mphuno ya boti iyang'ane mafunde nthawi zonse. Mmodzi agwire kutsogolo ali chammbali, mudikire mafunde aakulu adutse, mukankhe pa bata lija, mupalase mpaka pozama, kenako mutsitse injini ndi kuiliza. Woyendetsa amange kudzanja kachingwe kozimitsira injini.

Pobwerera, imani kunja kwa pomwe mafunde akuswekera, muwerengenso. Lowani kumbuyo kwa funde lalikulu, osati patsogolo pake. Kwezani injini musanafike posazama, dumphani msanga ndi kukokera boti kumtunda funde lina lisanafike. Ngati mafunde akula, ponyani nangula kunja, mutembenuze mphuno iyang'ane kunyanja, ndipo muzimasula chingwe pang'onopang'ono boti likubwerera chafutambuyo mpaka pagombe. Ichi n'chifukwa chake chingwe chiyenera kukhala chachitali.

Chenjezo: munthu asaime pakati pa boti ndi gombe. Funde likalikankha, boti limathyola miyendo.

Mukaona kuti kubwerera kwakuvutani boti lili lopanda kanthu, m'mawa kuli bata, malowo si anu. Kwezani boti mupite kwina.

Zolakwika zomwe zimachitika kawirikawiri

Kukana kubwerera chifukwa cha mafuta omwe mwawononga. Munthu wachoka ku Chibavi kapena ku Luwinga, wathira petulo wodula, wagula nyama yowotcha, alendo akuyembekezera, ndiye akaona mafunde amati tingoyesa pang'ono. Maulendo ambiri oipa amayamba ndi mawu amenewo. Wotcherani nyamayo pamchenga, boti likhale pangolo.

Kutengera asodzi. Mumaona mnyamata akudutsa mafunde pa bwato la mtengo umodzi ataimirira, n'kumati ine ndili ndi injini. Iyeyo wapalasa pamenepo kuyambira ali mwana, amadziwa mwala uliwonse, ndipo bwato likagubuduzika amalitembenuza ali m'madzi. Ngakhale iwowo nyanja imawatenga chaka ndi chaka.

Kuika majekete pansi pa mpando kuti tivala tikafika pakati. Malo oopsa kwambiri ndi mamita ochepa oyambirira ndi omalizira, pomwe mafunde amaswekera. Aliyense avale asanaponde m'boti, ndipo amange zingwe zake.

Kukweza anthu onse boti lili pamchenga. Limalemera, limakana kuyandama, ndipo funde loyamba limalowa. Katundu wolemera aikidwe pakati ndi pansi, anthu akwere boti litayandama, wogwira mphuno akwere pomaliza.

Kuwerengera mafuta ongokwanira. Gawani patatu: gawo limodzi lopitira, lina lobwerera, lachitatu losunga. Kubwerera molimbana ndi mphepo kumadya mafuta ambiri kuposa popita, ndipo mungafunike kupitirira mpaka ku gombe lachiwiri lija.

Kubwerera kutada. Kuno mapiri ali kumadzulo, choncho dzuwa limabisika msanga ndipo gombe limachita mdima kunyanja kukadali kowala. Usiku nyali za asodzi a usipa zimadzaza nyanja moti simungasiyanitse nyali ya kumtunda ndi ya pamadzi. Pangani zoti boti likhale lili pamchenga ikamakwana 4 koloko, ndipo m'miyezi ya mwera libwere isanakwane 11 koloko m'mawa.